Kadiso Koyaka Kokha pa Laputopu ya Achemwali

MUTU 7

1. Loweruka M'mawa

Dzina lakuti Kabatani anamupatsa ndi amayi ake. Ali ndi zaka zitatu, mwanayu sankatha kuona batani n'kulisiya. La wailesi ankadina, la ayironi ankadina, ndipo tsiku lina anazimitsa firiji ya aneba mpaka nyama yonse inanunkha. Tsopano anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wa fomu 3, koma dzinalo linamukanirira.

M'nyumba mwawo munali laputopu imodzi yokha. Mwini wake anali mkulu wake wa Kabatani, amene ankaphunzira unamwino chaka chomaliza. M'laputopumo munali kafukufuku amene anamulemba kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo Lolemba ndilo linali tsiku lokapereka.

M'mawa wa Loweruka limenelo, achemwaliwo akuvala nsapato kuti apite ku chipatala, anadandaula.

"Laputopu iyi yayamba ulesi masiku ano. Kutsegula tsamba limodzi, munthu ukhoza kusamba n'kudzola usanaone kanthu. Bandulo nayo ikungotha ngati madzi m'dengu. Kabatani, lemba za kusukuluzo msanga. Ndikabwera masana ndimalize mutu wotsiriza. Ndipo lamulo ukulidziwa."

"Osaikamo kalikonse," anayankha Kabatani maso ali pansi.

Lamulolo analiphwanya kale. Masabata awiri apitawo, mnzake wa m'kalasi anamutumizira pulogalamu yaulere yokopera nyimbo ndi mafilimu. Iye anaiika mwakachetechete, osauza munthu.

Achemwali atachoka, anakhala patebulo la m'chipinda chawo n'kuyamba kulemba. Fani ya m'kati inkalira ngati chigayo. Pansi pa laputopu panatentha moti ukanatha kuumitsirapo mpango. Kenako anaona chinthu chimene sanachionepo. Kagetsi kakang'ono ka pambali pa kamera kanayaka, kanakhala kanthawi, n'kuzima. Iye sanatsegule kamera.

2. Kuzimitsa Moto ndi Manja

Kabatani sanafune kufunsa munthu. Anafufuta pulogalamu ya nyimbo ija mwachangu, ngati mwana wopukuta shuga pakamwa. Fani sinasiye kulira.

Anakumbukira kuti aphunzitsi a kompyuta anawaonetsapo mabatani atatu amene ukawadina pamodzi amatsegula ndandanda ya mapulogalamu onse amene akugwira ntchito. Anawadina. Ndandanda inatuluka yaitali, mayina oposa makumi asanu ndi awiri, ambiri osawerengeka n'komwe. Iye anali atatsegula chinthu chimodzi chokha. Nanga enawa anawaitana ndani?

Anayamba kuwaimitsa mmodzimmodzi. Woyamba, palibe chinachitika. Wachiwiri, chimodzimodzi. Mtima unalimba, chala n'kuyamba kuthamanga. Ataimitsa wachisanu ndi chimodzi, sikirini inaphethira. Tizithunzi tonse tinasowa. Mzere wa m'munsi unasowa. Foda ya kafukufuku wa achemwali, imene inkakhala pakona ya kumanja, inasowa. Panatsala chithunzi cha kumbuyo chokha, mbee.

Anatuluka m'chipindamo laputopu ili m'manja. Amayi ake anali pabalaza akusoka yunifolomu ya mwana wa kasitomala. Anaimitsa makina n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bwanji nkhopeyo ngati wameza singano?"

Kabatani anawaonetsa sikirini ija. Amayi sankadziwa za makompyuta, koma mwana wawo ankamudziwa bwino.

"Wadina," anatero.

"Ndadina, amayi."

"Tenga chikwama upite nayo kwa amalume ako pompano. Ndipo tamvera. Munthu akabwera kuno ndi diresi long'ambika n'kundinamiza kuti langong'ambika lokha, ine ndimasoka pamene ndikuona. Mawa limang'ambikanso pena, chifukwa sanandiuze kuti limamuthina. Ukakafika kumeneko ukanene zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Wobisa matenda maliro amamuulula."

3. Kwa Amalume

Shopu ya amalume inali kachipinda kopapatiza pakati pa ometa tsitsi ndi odula makiyi. Munkanunkha mtovu wowotcherera mawaya. Pashelefu panali mafoni akufa odzaza katoni, ndipo pamwamba penipeni panali wailesi yakale imene amalumewo ankati ndiyo inawaphunzitsa ntchito. Anayamba ndi mawailesi ali mnyamata, kenako ma TV, ndipo imvi zitayamba anaphunzira makompyuta.

Anamvetsera osamudula mawu. Kabatani ananena za fani, za kutentha, za bandulo ndi za kagetsi ka kamera. Atamva za kagetsiko, amalume anakweza nsidze. Asanagwire china chilichonse, anadina batani lozimitsa intaneti.

"Nyumba ukaikayikira kuti mwalowa wakuba, umayamba watseka chitseko," anatero. "Tsopano ndiuze. Mwezi uno mwalowa chiyani chatsopano muno?"

Kabatani anayang'ana katoni ya mafoni ija. Pulogalamu ya nyimbo anali ataifufuta kale, ndipo palibe anamuona akuiika. Kwa ometa tsitsi makina ankalira, wina n'kumaseka.

"Ndinaikamo pulogalamu yokopera nyimbo," anatero motsitsa mawu. "Achemwali sakudziwa. Ndaifufuta m'mawa uno. Kenako ndinatsegula ndandanda ija n'kumaimitsa zinthu zimene sindikuzidziwa."

Amalume anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Wachita bwino kunena. Wandipulumutsira theka la tsiku. Koma khala pansi ndikuuze, mwana wa mlongo wanga. Kompyuta ili ngati chipatala chimene mkulu wako amagwirako. Wodwala amaona dokotala ndi namwino basi. Koma kuseri kuli wosesa, wochapa, woyang'anira magetsi, mlonda wa pageti. Suwaona, komatu ukawathamangitsa chipatala chimaima tsiku lomwelo. Mayina ambiri amene unawaona aja ndi antchito a m'nyumba. Anabwera ndi kompyutayi, ndipo ali ndi zochita zawo. Iwe unalowa ndi chikwapu n'kuyamba kuthamangitsa aliyense amene nkhope yake sukuidziwa. Kusadziwa dzina la munthu si umboni wakuti ndi wakuba. Safunsa anadya phula. Ine pantchito ino ndaona anthu ambiri akulira, ndipo ochuluka mwa iwo sanalizidwe ndi vairasi ayi. Analizidwa ndi chala chawo chomwe, chimene chinathamanga kuposa mutu."

Anazimitsa laputopu ija n'kuiyatsanso. Patapita kanthawi tizithunzi tonse tinabwerera m'malo mwake, foda ya kafukufuku ili pakona yake.

Kabatani anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge.

"Amene unamuthamangitsa uja ndi amene amayala zinthu patebulo," anatero amalume akumwetulira. "Katundu sanapite kulikonse. Bweretsa fulashi iyo. Tisanayambe kusaka mbava, chuma tichisamutse kaye."

Anakopera kafukufuku yense mufulashi, n'kumuuza kuti aiike m'thumba la siketi.

4. Kuona Maso a Nkhono

Amalume anamukokera mpando pafupi n'kumupatsa mausi.

"Uyendetse ndiwe. Ine ndizingolankhula. Tsegula ndandanda ija, uisanje kuti amene akudya mphamvu zambiri akhale pamwamba."

Pamwamba panabwera mayina atatu.

"Aliyense timufunsa ngati mlendo wofika pakhomo. Wachokera kuti, wakutuma ndani, ukugona chipinda chiti, unafika liti. Kompyuta imasunga mayankho onsewa. Kungoti anthu safunsa."

Anamuonetsa podina kuti aone kumene pulogalamu ikukhala ndi kampani imene inaipanga. Awiri oyambawo sanavute. Anafika tsiku limodzi ndi pulogalamu ya nyimbo ija, ndipo ntchito yawo inali kukoka zotsatsa malonda pa intaneti usana wonse.

"Awa ndi alendo ako," anatero amalume. "Unathamangitsa mayi, ana n'kutsala. Zaulere zimatero. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Anawachotsa onse awiri, n'kuwafufutanso pandandanda ya mapulogalamu amene amadzuka okha kompyuta ikayaka. Fani inatsitsa mawu, koma sinakhale chete.

Wachitatuyo anali wamtundu wina. Dzina lake linkafanana ndi la wantchito weniweni wa m'kompyuta, kusiyana chilembo chimodzi chokha. Pamalo olemba kampani yomupanga panalibe kanthu. Kabatani anamuimitsa monga anauzidwira. Asanachotse n'komwe dzanja pamausi, dzina lija linatulukiranso.

"Wabwerera!"

"Eya. Wantchito wabwino ukamuuza kuti apume, amapuma. Uyu ali ndi mnzake womudzutsa. Tiye tikaone kumene amagona."

Ankagona mufoda yobisika, m'kati mwa foda ina, m'katinso mwa ina. Kabatani ataitsegula, sikirini inadzaza tizithunzi mazanamazana. Tina tinali ta mauthenga amene achemwali ankalemberana ndi anzawo. Tina tinali ta kamera. Panali achemwali atagona pamabuku, achemwali akumanga tsitsi, achemwali akulira tsiku lina lake. Chithunzi chomalizira chinali cha m'mawa womwewo, Kabatani ali kukamwa yasa, akuyang'ana kagetsi.

Amalume anatambasula dzanja n'kutseka fodayo msanga.

"Basi. Izi si zathu kuziona. Taona zokwanira kudziwa matenda."

Kenako analoza pasikirini.

"Pulogalamu iyi imajambula zonse zimene munthu akuchita, ndipo intaneti ikangoyaka imazitumiza kwa amene anaiika. N'chifukwa chake bandulo imatha. Iyi siinabwere ndi nyimbo zako. Taona tsiku limene inafika. Papita miyezi itatu. Ndipo yamtundu uwu kawirikawiri sigwa kuchokera kumwamba. Pamafunika munthu wokhala pansi ndi laputopu m'manja, wodziwa pasiwedi. Tsiku limeneli inali ndi ndani?"

Kabatani anawerenga tsikulo kawiri. Linali tsiku limene anamaliza mayeso a teremu yachiwiri. Sabata imeneyo achemwali anatumizidwa ku chipatala china chakutali, laputopu n'kuisiya kunyumba. Madzulo ake kunabwera bwenzi la achemwaliwo, mnyamata waulemu wogwira ntchito mu ofesi, amene aliyense pakhomopo anali atayamba kale kumutchula kuti alamu chifukwa ukwati unali pafupi. Ananena kuti akufuna akaikemo pulogalamu yoteteza ku mavairasi. Anaibweza m'mawa mwake.

"Inali ndi alamu," anatero Kabatani. "Ndinawapatsa ndine, ndi manja angawa."

5. Chifufutidwe Kapena Chinenedwe?

Kunja munthu wina anasuzumira ndi foni yosweka galasi. Amalume anamupempha kuti abwerenso pakatha ola limodzi.

"Amalume, tingoifufuta," anatero Kabatani. "Laputopu ichira, achemwali amaliza kafukufuku wawo, nkhani yatha. Ndikawauza lero, Lolemba akapereka chiyani? Ndiponso anthu aja amakondana. Ndisakhale ine wopasula."

Amalume anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Kufufuta n'kosavuta. Mphindi khumi zokha ndathana nayo. Koma tamvetsa. Laputopu iyi si yako, si yanganso. Zithunzi zili umo ndi moyo wa mkulu wako. Tikafufuta mwakachetechete, ndiye kuti nafenso tamuchita zomwezo, kumupangira zinthu kuseri iye osadziwa. Amene anaika ichi akaona kuti chazima, adzaika china, mwina pafoni. Mapasiwedi ake onse ali nawo kale. Mkulu wako azidzayenda akuganiza kuti wavala, pamene wina anamuvula kalekale.

"Chachiwiri, usathamangire kuweruza monga unathamangira kudina m'mawa. Chimene tikudziwa n'chakuti tsiku limenelo laputopu inali m'manja mwa mnyamata uja. Kaya anaika yekha, kaya anaipereka kwa wina, ife sitinaone. Ukanene zimene waona, osawonjezera mchere.

"Koma ichi chokha ndikuuze, chifukwa nawenso ukukula. Pano pamabwera amuna ndi akazi omwe, ena ovala bwino kwambiri, kudzandinong'oneza kuti ndiwaikire zoterezi pafoni ya mnzawo. Onse amayamba ndi mawu amodzimodzi, akuti n'chifukwa ndimamukonda. Ine ndimawaonetsa chitseko. Munthu wokukonda akakhala ndi funso amakufunsa pamaso. Woboola khoma kuti azikusuzumira safuna mtima wako, amafuna chingwe cha pakhosi pako. Ndipo wosuzumira sakhuta. Lero aona uthenga, mawa afunsa chifukwa chimene unasekera, mkuja akuletsa anzako. Kumayiko ambiri zimenezi ndi mlandu ndithu, n'chifukwa chake sitifufuta umboni mwini wake asanauone."

Anadula kachidutswa ka tepi yakuda n'kumata pakamera.

"Intaneti isayatsidwe. Kulemba angathe kulemba popanda intaneti. Mapasiwedi akasinthire pa chipangizo china, osati pano. Akasankha kuti tichotse, abwere tidzachotsere limodzi iye akuona. Tsono nkhaniyi ndingathe kudzanena ndine ndikatseka shopu, ngati iwe ukuopa."

Kabatani anaika laputopu m'chikwama n'kukoka zipi mpaka kumapeto.

"Ndikanena ndekha. Ndili ndi mlandu wanganso woti ndiulule. Mukadzanena inu, wangawo ndidzaubisa."

Amalume anagwedeza mutu.

"Pita. Ine ndikupezani ndikangotseka."

6. Masana

Achemwali anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Anavula nsapato pakhomo, n'kudziponya pabedi ndi yunifolomu yomwe.

"Miyendo yanga si yanganso. Bweretsa laputopuyo ndiyambepo tulo tisanandigwire."

Kabatani anatseka chitseko cha chipinda n'kukhala m'mphepete mwa bedi, chikwama chili pamiyendo.

"Achemwali, ndili ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi yanga. Ndinaphwanya lamulo lanu."

Anafotokoza za nyimbo, za ndandanda ndi za sikirini imene inayera. Achemwali anadzuka n'kukhala tsonga.

"Iwe mwana iwe! Kafukufuku wanga!"

"Alipo. Ali umu, alinso mufulashi iyi. Mundikalipire, ndalakwa. Koma mumve kaye yachiwiri."

Anayatsa laputopu, natsegula foda yobisika ija, n'kutembenuzira sikirini kwa mkulu wake. Iye anayang'ana kukhoma kuti asaonenso zithunzizo. Ananena zimene amalume anapeza, ntchito ya pulogalamuyo, tsiku limene inafika ndi munthu amene anatenga laputopu tsiku limenelo. Sanawonjezere kanthu.

Pabalaza makina a amayi ankalira, n'kuima, n'kuliranso. Achemwali ankatsitsa zithunzi zija ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Anaima pa uthenga wina umene analembera mnzake wa m'kalasi, wodandaula kuti akuopa kulowa m'banja asanayambe ntchito.

"Uthenga uwu sindinauze munthu wina aliyense," anatero ngati akudzilankhulira. "Koma m'mawa mwake anandifunsa ngati ndikukayika za ukwati. Ine ndinkati ndi munthu wodziwa kuwerenga nkhope yanga. Ndinkanyadira, Kabatani. Ndinkauza anzanga kuti ndapeza mwamuna wondimvetsa ndisanalankhule."

Sanalire. Anatseka laputopu ija bwinobwino ndi manja awiri, monga amafunditsira wodwala.

"Mwakwiya nane?" anafunsa Kabatani.

"Za nyimbozo tidzakambirana, usaganize kuti zapita. Koma ukanafufuta n'kukhala chete, ndikanadzakwiya nawe moyo wanga wonse." Anapumira m'mwamba. "Mwina pali chifukwa china. Mwina anaipereka kwa munthu wina kuti amuikire, iye osadziwa. Ndiyenera kumufunsa ndekha. Kupatula amalume, wauzanso ndani?"

"Palibe. Amayi akungodziwa kuti ndinadina zinthu. Zinazi sakudziwa."

Nthawi yomweyo kunja kunamveka odi. Makina osokera anaima, ndipo anamva amayi akutsegula chitseko mosangalala.

"Ee, lowani bambo, lowani. Lero mwatikumbuka masana?"

Anali alamu. Atsikana awiriwo anatuluka m'chipinda, wamkulu patsogolo, laputopu ataikumbatira pachifuwa. Mnyamatayo anaima pakati pa balaza, malaya ositidwa bwino, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. Anapereka moni kwa amayi mwaulemu monga mwa masiku onse, n'kumwetulira Kabatani.

"Mlamu wanga wamng'ono, katswiri wa makompyuta!" anatero moseka. Kenako anatembenukira kwa bwenzi lake n'kutambasula dzanja. "Ndamva kuti laputopu yavuta. Bweretsa ndipite nayo, pofika mawa ikhala itachira. Usavutike ndi okonza a m'misikawa, angakuwonongere kafukufuku."

Amayi anayang'ana Kabatani. Kabatani anayang'ana achemwali ake. Maso a mnyamata uja anatsikira pa laputopu, n'kuima pa kachidutswa ka tepi yakuda kamene kankaonekera m'mphepete. Makiyi aja anasiya kuzungulira.

Achemwali sanasunthe. Anafunsa ndi mawu ofatsa, amene amafunsira odwala kuti ululu unayamba liti.

"Mwamva kwa ndani?"